Foni Yalira Pakati pa Pemphero

Tiwa ankakhala ku Erdington, mumzinda wa Birmingham. Loweruka lina m'mawa, Tiwa anali ndi mantha. Amayi ake ankakwera ndege.

Amayi a Tiwa anali namwino. Anapita kukagwira ntchito kutali, kumpoto kwa Scotland. Kumeneko kuli zilumba. Tsiku limenelo ankachoka pachilumba cha Westray. Ankapita pachilumba cha Papa Westray.

Amayi anaimba foni ali pabwalo la ndege.

"Tiwa, ndege yake ndi yaing'ono ngati minibasi," anatero amayi.

Pafonipo pankamveka mphepo. Huuu! Huuu!

"Ndikuzimitsa foni tsopano. Ndiimba ndikafika."

Foni inaduka.

Tiwa anakwerapo ndege pochokera ku Lilongwe. Anagona, anadzuka, adakali m'mwamba. Anagonanso, anadzukanso, adakali m'mwamba. Tiwa ankadziwa kuti ndege imachedwa kufika.

"Bwera tipempherere ulendo," anatero bambo ake.

Kwa a Tiwa, munthu akanyamuka ulendo amamupempherera. Ndipo popemphera sayankha foni. Awiriwo anagwada pabalaza. Anatsinzina.

Koma bambo a Tiwa akayamba kupemphera, tiyi amazizira! Anayambira kutali. Anapempherera abale a ku Dedza. Anapempherera odwala. Anapempherera oyendetsa mabasi. Anapempherera ngakhale mwininyumba.

Mwadzidzidzi foni inalira patebulo. Ngriii! Ngriii!

Tiwa anatsegula diso limodzi. Pafoni panali chithunzi cha amayi.

Tiwa anayamba kudzifunsa mumtima. Ndege yangonyamuka kumene. Nanga amayi akuimbiranji? Kodi mphepo ija yaigwetsa ndege? Kodi akuimbayo ndi munthu wina?

"Adadi," ananong'ona Tiwa.

Bambo anapukusa mutu. Sanatsegule maso. Anapitiriza kupemphera.

Foni inasiya kulira. Panja basi inadutsa.

Ngriii! Ngriii! Foni inaliranso.

"Adadi, foni!"

Bambo anakweza mawu. Nawonso anali ndi mantha.

Tiwa sanathenso kupirira. Anaimirira. Anatenga foni.

"Mami?"

"Tiwa, ndafika bwino!"

Anali mawu a amayi! Amayi enieni!

"Mwafika? Kale?"

"Eya, mwanangu. Zilumbazi n'zoyandikana. Ukaima pabwalo lino, chilumba chinacho umachiona. Ndege yangouluka mphindi ziwiri basi."

Tiwa anakhala pansi. Misozi inatuluka yokha. Ankalira, ankasekanso.

Bambo anatsegula maso. "Ndani? Kwagwanji?"

"Amami afika!"

"Afika? Ine woyendetsa ndegeyo sindinamupempherere n'komwe!"

Amayi anamva mawuwo. Anaseka kwambiri, mpaka foni inachita phokoso.

"Bambo a Tiwa, nenani ameni. Ndatera kalekale!"

"Ameni," anatero bambo, akupukuta maso ndi malaya. Kenako anamukumbatira Tiwa.

Tiwa anagwira foni ndi manja awiri. Anaikanikiza kukhutu. Mphepo inkamvekabe. Huuu! Huuu! Koma amayi anali pansi, akuyenda ndi miyendo yawo.

"Mami, musadule foni."

"Sindidula, mwanangu. Tiye tiyendere limodzi mpaka kuntchito."