Mubwere ndi Amuna Anu

Anakumana pa depoti ya minibasi ku Chikwawa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tithokoze anali atangotsika kuchokera ku Blantyre, zikwama ziwiri m'manja. Mwamuna wina wamtali anamulandira chimodzi osapempha n'komwe.

"Achemwali, kuno ku chigwa mlendo sasenza katundu. Ndine Feston."

Feston ankapikula nsomba ku Makhanga n'kumakagulitsa ku Limbe. Tithokoze anali katswiri wa zamaganizo. Ankakhala paboma, koma Lachinayi lililonse ankapita ku chipatala china chaching'ono kutsidya kwa Shire, kukathandiza odwala amene mapiritsi okha sawakwanira.

Mwezi usanathe, foni ya Tithokoze inali isakupuma ndi mauthenga a Feston.

"Thoko wanga, wadya? Ine nsomba zandikola, koma iwe sundikola."

"Ngakhale Ruo asefukire, ndidzapalasa bwato kudzakuona."

Ndipo tsiku lina, atamugwira manja onse awiri: "Mvula ikangotha, amalume anga akupita kwanu ku Thyolo."

Ndani akanakayika? Tithokoze, amene ntchito yake inali kumva zimene anthu sakunena, sanamve kanthu.

Mu Januwale adokotala a pachipatala chija anamutumizira mayi wina, Esinala. Magazi ake ankathamanga kwambiri, mankhwala osaphula kanthu. Mutu unkamuwawa, tulo kulibe, mtima kugunda ngati ukufuna kutuluka.

Poyamba Esinala anangokamba za madzi osefukira amene anagwetsa nyumba yake. Mitambo ikada, mantha ankamugwira. Tithokoze anamuphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono, ndi kutchula mantha ake m'malo mowameza.

Ulendo wachitatu, Esinala anagwetsa misozi.

"Adokotala, si madzi okha ayi. Bambo a Lucky asintha. Foni ikalira amathawira kuseri. Ali ndi mkazi wina, mtima wanga ukudziwa."

"Zikafika povuta chonchi, mumaganiza zotani, mayi?"

"Sabata yatha ndinaima nthawi yaitali m'mbali mwa mtsinje."

"Munkaganiza zodzipha?"

Esinala anavomera ndi mutu.

Anakhala ola lathunthu. Anagwirizana kuti mchemwali wake wa Esinala adziwe, komanso kuti maganizowo akabweranso athamangire kuchipatala.

"Amuna anu mungalole kuti adziwe zimenezi?"

"Adziwe. Mwina angandimvere chisoni."

"Ndiye Lachinayi mubwere nawo."

Lachinayi linafika. Chitseko chinatseguka, Esinala analowa atavala chitenje chatsopano. Pambuyo pake panalowa Feston.

Cholembera chinagwa m'manja mwa Tithokoze. Feston anangoti kakasi pakhomo, kukamwa yasa. Ntchito ya Tithokoze ankaidziwa ya paboma yokha. Za Lachinayi anali asanafunsepo.

"Awa ndiwo bambo a Lucky," anatero Esinala. "Awa ndi adokotala aja andithandiza kupeza tulo."

Tithokoze anadzifunsa mumtima. Alalate? Aulule zonse? Nanga mayi amene sabata ziwiri zapitazo anaima pamtsinje, akamva kuti mkazi winayo ndi yemweyo amene wakhala akumuululira zakukhosi, akagona kuti?

Anakoka mpweya monga ankaphunzitsira ena.

"Khalani pansi, bambo. Akazi anu akudwala, ndipo moyo wawo uli pachiswe."

Anafotokoza zonse za matenda a Esinala. Feston ankangoyang'ana pansi. Atamaliza, anamupempha kuti akadikire panja.

"Mayi, kuyambira lero muzionana ndi Mayi Teresa, namwino wathu wa zamaganizo. Ndi munthu wabwino, amadziwa ntchito."

"Ndalakwa chiyani?" Esinala anagwada n'kumugwira mwendo. "Inu nokha ndi amene mumandimva. Musanditaye, adokotala, chonde."

"Simunalakwe kalikonse. Vuto lili kwa ine, ndipo silingandilole kukuthandizani bwino. Dzukani. Tiyeni ndikakuperekezeni, sindichoka mpaka mutazolowerana."

Anamugwira dzanja mpaka kuchipinda cha Mayi Teresa. Anakhala nawo kufikira Esinala atayamba kuyankhula yekha. Potuluka, Esinala anamuyang'ana maso ali ofiira.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena. "Lero amuna anga andiperekeza koyamba m'chaka chonse. Ndi chifukwa cha inu."

Tithokoze anakadzitsekera m'chipinda chake n'kulira ataluma mpango kuti odwala a pabenchi asamve. Kenako anaimbira mkulu wake wa ntchito ku Blantyre n'kuulula zonse. Manyazi anali ngati amupha, koma sanabise kanthu.

"Kodi ndinayenera kumuuza Esinala zoona?" anafunsa.

"Osati lero, komanso osati iweyo," anayankha mkuluyo. "Woyenera kuulula ndi mwamunayo, mayiyo akalimba, Teresa ali pomwepo. Nawenso ubwere Lolemba, ukufunika wokumvetsera."

Foni inali italandira kale mauthenga asanu ndi awiri ochokera kwa Feston.

"Thoko, ndikufotokozera."

"Banja lija linatha kale mumtima mwanga."

"Iwe ndiwe mpweya wanga. Usamuuze, ndagwira mwendo."

Anasuzumira pawindo. Feston anali pansi pa mtengo wa nimu, chala chili pafoni. Esinala anatulukira, ndipo mwamunayo anabisa foni m'thumba n'kumwetulira. Kumwetulira komwe kuja! Tithokoze anadzida pozindikira kuti mtima wake unali ukumufunabe.

Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Bambo a Lucky, akazi anu asapite okha kumtsinje. Mankhwala awo azisunga mchemwali wawo. Lachinayi mubwere nawo kwa Mayi Teresa, ndipo zoona mudzazinena nokha. Ine musandilemberenso."