Phiri Lopanda Chipewa

"Imani, ababa! Imani!" anakuwa Kamakani.

Ababa anaponda buleki. Galimoto inaima m'mbali mwa msewu.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Ababa.

"Phiri!" anatero Kamakani. "Ndikufuna kujambula phiri."

Kamakani ndi mtsikana wamng'ono. Dzinali anamupatsa kunyumba. Iye akati ayi, ndi ayi basi.

Tsikulo anali pa ulendo ndi Ababa. Anapita kukatenga Azakhali kuseri kwa mapiri. Popita kunali chimvula, sanaone kanthu. Tsopano ankabwerera kunyumba.

M'thumba mwa Kamakani munali foni ya Agogo. Inali foni yakale. Inali yosweka pakona. Batire lake silinkachedwa kutha.

Agogo anali dalaivala wa lole. Anayenda msewu umenewu zaka makumi atatu. Tsopano miyendo yawo inafooka. Amangogona m'chipinda. Zenera lawo limayang'ana khoma la nyumba ina.

M'mawa asananyamuke, Agogo anamuitana.

"Mdzukulu wanga, tenga foni iyi. Pamsewu uja pali phiri lalitali. Amati dzinja likafika, limavala msipu. Amati limagwetsa madzi oyera. Ine sindinalione."

"Koma mwadutsapo kambirimbiri, agogo!"

"Dalaivala amaona msewu. Akaona phiri, amagwera kuphompho. Kandijambulire."

Ndiye nayu Kamakani, watsika m'galimoto. Anakweza foni. Phiri linali patali, laling'ono ngati chulu.

Mwadzidzidzi, Azakhali anaima kutsogolo. Anali atavala chipewa chachikulu cha maluwa. Anagwira m'chiuno. Anamwetulira.

"Jambula, iwe!" anatero.

Tcha!

Kamakani anayang'ana chithunzicho. Munali chipewa. Munali mano a Azakhali. Phiri munalibe.

Anakwera galimoto. Msewu unakwera. Msewu unakhota.

"Imani, ababa! Chigwa!"

Chigwacho chinali chobiriwira. Mtsinje unkanyezimira pansi ngati ulusi.

Kamakani anakweza foni.

"Achimwene, bwerani tiime limodzi!" Azakhali anaitana Ababa.

Ababa anakonza kolala. Anabweza mimba m'kati. Anaima pafupi ndi mlongo wawo.

Tcha!

Munali chipewa. Munali kolala. Chigwa munalibe.

Kamakani anatupa masaya. Batire linali litafiira.

Msewu unakwera. Msewu unakhotanso. Kenako chiphiri chija chinatulukira, pafupi penipeni.

"Imani, ababa! Ndi lomweli!"

Anatsika onse. Foni inalira kuti pii. Inatsala pang'ono kuzima.

"Chatsala chithunzi chimodzi," anatero Ababa.

"Ndiye tonse tilowemo," anatero Azakhali. "Iwe mwana, bwera pakati apa. Foniyo ikweze m'mwamba."

"Ayi," anatero Kamakani.

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, azakhali. Chonde tapatukani."

Azakhali anagwira pakamwa. "Tamumvani mwana uyu! Chithunzi chopanda munthu ndi chithunzi? Agogo ako apatsa moni ndani? Mwala?"

"Nkhope zathu Agogo amazidziwa," anatero Kamakani. "Phiri ndi lomwe sakulidziwa."

"Bweretsa foniyo," anatero Ababa.

Kamakani anabisa foni kumsana. Sanasunthe.

"Foni ndi ya Agogo. Anatuma ine. Anati phiri. Sanati chipewa."

Ababa anatsokomola. Anayang'ana kumbali kuti asaseke.

"Chabwino, abwana," anatero Azakhali. "Jambulani mwala wanuwo." Anakalowa m'galimoto. Anamenyetsa chitseko.

Kamakani anatembenuka. Mayo! Phiri kunalibe. Mtambo unali utaliphimba lonse.

"Waona?" anakuwa Azakhali pazenera. "Nalo lavala chipewa!"

"Tiye, mwanangu," anatero Ababa. "Mvula ikubwera."

"Sindikwera."

Kamakani anakhala pamwala. Anaika foni m'kati mwa juzi.

Dontho linagwa pamphuno. Lina linagwa pabondo.

Ababa analowa m'galimoto, analiza hutala. Pi! Pi!

"Sindikwera."

"Kanthu kakang'ono, makani ngati mbuzi!" anatero Azakhali.

"Watengera achemwali anga," anatero Ababa.

"Inu, musandiyambe!"

Kamakani anadikira. Anadikira. Anadikirabe. Mano anayamba kugundana ndi kuzizira.

Kenako mphepo inawomba. Mtambo unasuntha pang'ono. Unasunthanso.

Phiri lija mbee!

Linali lobiriwira kuyambira pansi mpaka pamwamba. Madzi oyera ankatsika pakati pa miyala. Dzuwa linawala pansonga pake.

Kamakani anadzuka. Anatsamiritsa zigongono pagalimoto. Anagwira foni ndi manja awiri. Anasiya kupuma.

Tcha!

Foni inazima pompo.

"Chalowa?" anafunsa Ababa.

"Sindikudziwa," anatero Kamakani.

Kenako anakwera galimoto. Foni anaifumbata pachifuwa.

Atafika kunyumba, anathamangira kuchipinda cha Agogo. Analumikiza foni kumagetsi. Anadikira. Foni inayaka.

Onse anazungulira bedi. Agogo anavala magalasi.

Chithunzi choyamba chinatuluka.

"Aa!" anatero Agogo. "Phiri limeneli ndimalidziwa. Ndinabereka ndine."

Onse anaseka. Azakhali anaseka kuposa onse.

Chithunzi chachiwiri chinatuluka.

"Mapiri awiri," anatero Agogo. "Lina lili ndi kolala."

Kamakani sanaseke. Anagwira bulangete la Agogo. Agogo anasuntha chala.

Chithunzi chachitatu chinatuluka.

Phiri lonse linalimo. Msipu unalimo. Madzi oyera analimo. Munthu munalibe. Pansi pakona pankaoneka kamsewu kokhota.

Agogo anayang'anitsitsa. Anabweretsa foni pafupi ndi maso. Anaika chala pakamsewu kaja.

"Apa ndikupadziwa," anatero. "Apa ndinkasintha giya. Lole inkalira ngati ng'ombe."

Chala chinakwera pang'onopang'ono. Chinadutsa mitengo. Chinadutsa madzi. Chinafika pansonga.

"Zonsezi zinali pamwamba pa mutu wanga?"

"Inde, agogo."

"Zaka makumi atatu," anatero Agogo. Anavula magalasi. Anawapukuta ndi bulangete. Anawavalanso.

Azakhali anasuzumira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwala wake ndi wokongola ndithu," anatero. Kenako anavula chipewa chija. Anamuveka Kamakani. Chinamufika mpaka pamphuno.

M'mawa mwake Ababa anapita kosindikiza zithunzi. Anabwera ndi chithunzi chachikulu. Kamakani anachimata pakhoma, pafupi ndi zenera.

Tsopano Agogo akadzuka, amaona phiri.

"Nthawi ya chilimwe tidzapitanso," anatero Kamakani. "Udzu ukadzauma, ndidzajambula lina."

"Ulendo ndi wautali, mwanangu," anatero Ababa. "Mwina ayi."

Kamakani anakweza chipewa. Anayang'ana Ababa.

Ababa anapumira m'mwamba. "Chabwino. Tidzapita."

Tsono iwe, wamva. Wina akakutuma phiri, bwera ndi phiri. Chotsa mutu wako pamenepo, anzako aone. Ndipo foniyo uziitchaja usananyamuke. Usamadikire kuti ifiire.