Dzanja Losalemba Folo

Lachisanu m'mawa, pa 5 Epulo, Mayi Tu anatsegula labotale yawo ya maluwa ku Lanpu, kunja kwa mzinda wa Tainan ku Taiwan, n'kupeza shelefu yapamwamba ilibe kanthu. Mabotolo khumi ndi awiri anali atapita.

Wakubayo sanali mlendo ayi. M'chipindamo munali mabotolo zikwi zisanu, onse ofanana, timphukira ta maluwa a okidi titamera pa phala lakuda lotidyetsa pansi pa nyali. Iye anatola okhawo a duwa latsopano, loyera la mlomo wofiira, limene Mayi Tu analivutikira zaka khumi ndi chimodzi. Tsinde lake linafa ndi matenda chaka chatha. Mbewu yonse inali m'mabotolomo, ndipo timphukirato tinali titamaliza phala. Kupanda kutisamutsa sabata imeneyo, basi tikanauma.

Sajeni Chien anafika 9 koloko.

"Dzulo munali kuti, mayi?"

"Kumanda. Kodi inu simusesa kwa makolo anu?"

"Antchito?"

"Onse kumanda. Linali tsiku losesa manda."

Chitseko sichinathyoledwe. Kamera inali yozimitsidwa.

"Tikawapeza mabotolowo muwazindikira bwanji?"

"Akadzachita maluwa."

"Liti?"

"Pakatha zaka ziwiri."

Sajeniyo anatseka kabuku kake n'kuyang'ana kudenga.

Ah-Kiau, wantchito yemwe anali atadula timphukira pamenepo zaka khumi ndi zisanu, anabweretsa tiyi misozi ili chuchuchu. "Achemwali, ndani angatichite zotere? Ine dzulo ndinaswera pamanda a bambo a ana mpaka madzulo."

Masiku atatu Mayi Tu sanakhale pansi. Amalowa, amatuluka, amawerenga shelefu yopanda kanthu ija ngati mabotolo abwerera okha. Chakudya chinkawawa m'kamwa. Anaimbira aliyense wodziwa okidi, mpaka Lolemba wogulitsa zipangizo anawatsina khutu: Fang, mlimi wina wa okidi amene labotale yake inatsekedwa kale chifukwa cha chuku, anagula mabotolo makumi asanu ndi limodzi okhala ndi phala kale. Anagula Lachitatu, kutatsala tsiku limodzi kuti mabotolo aja abedwe.

Nthawi ya 11 koloko apolisi anali pakhomo pa Fang ndi chikalata chofufuzira. Mwini wake anawalandira akutafuna, alibe nawo ntchito.

"Sankhani anu, mayi," anatero akuloza mashelefu. "Aitaneni maina, mwina ayankha."

Mayi Tu anayenda mzere ndi mzere. Mabotolo atsopano, timphukira todulidwa kumene. Mtima unkawauza kuti ndi tawo, koma mtima si umboni. Kenako anatembenuza botolo limodzi kuti aone deti. Pakapepala panalembedwa 3+1 / 3+1. Botolo lachiwiri chimodzimodzi.

M'chilankhulo chathu kuno, folo ndi imfa zimamveka mofanana pozitchula, ndipo ambiri timaipewa pa nambala ya nyumba kapena ya galimoto. Koma woipewa mpaka pa deti la botolo, Mayi Tu ankadziwa mmodzi yekha. Chimwalirireni mwamuna wake pa 4, Ah-Kiau sanalembeponso folo. Anzake ankamuseka kuti amapatsa mabotolo masamu.

"Tsiku la folo, mwezi wa folo," anatero Mayi Tu. "Sajeni, munthu ameneyu sanali kumanda."

Fang anasiya kutafuna.

Mayi Tu ndi Sajeni Chien anam'peza Ah-Kiau 2 koloko ali pampando wake ku labotale, mpeni uli m'manja. Ataona botololo anazimitsa moto wowotchera zipangizo, n'kuvula chophimba kukamwa. Sanakane.

"Chifukwa chiyani, Kiau?" anafunsa Mayi Tu.

"Mwati duwalo mulitcha ndani?"

"Dzina la malemu amuna anga. Ukudziwa."

"Eya. Munthu amene sanagwirepo mpeni. Zaka khumi ndi chimodzi maso anga akuthera m'botolo, achemwali. Fang anati lidzatchedwa Kiau."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsapo?"

Sajeni Chien anam'manga maunyolo, n'kuponyapo thaulo kuti anzake asaone. Khoti linam'patsa chaka chimodzi m'ndende. Fang, ziwiri.

Mwa mabotolo makumi asanu ndi limodzi aja, chuku cha kwa Fang chinadya onse kupatula asanu ndi anayi, amene anabwerera kwa Mayi Tu. Patatha masabata asanu ndi limodzi, amenewonso anafuna kudulidwa. Antchito ena anakana kuwakhudza, ati ndi tating'ono kwambiri, ndipo amene ankatitha ndi Ah-Kiau yekha.

Mayi Tu anakhala okha pampando uja. Anavala magalasi, n'kuwotcha mpeni. Kamphukira koyamba anakaphwanya. Kachiwiri kanalowa bwino. Anatseka botolo, n'kulemba deti. Pamzere wa dzina la duwa cholembera chinaima, ndipo anamva chisoni chimene sanachimve kukhoti. Anasiya mzerewo wosalemba, n'kutenga botolo lina.