Kabokosi ka m'boti la achimwene

Ku Chia ankanditcha Zuhura wa mawaya. Sindinkakwiya, poti mawayawo ndinalidi nawo. Nthawi imeneyo zipani zinali zitangochuluka kumene, ine ndili m'chaka chomaliza ku yunivesite. Kafukufuku wanga anali wa kabokosi ka mabatani, kotumiza uthenga pa wailesi kuchokera m'boti kufika pa kompyuta kumtunda. Aphunzitsi anga analibe nazo ntchito nsomba. Funso lawo linali loti kodi munthu wina anganamizire kukhala mwini kabokosi, kompyuta n'kumukhulupirira? Ndinachezera miyezi kutseka mpata umenewo. Mwini yekha ndiye ankadziwa nambala yachinsinsi, ndipo uthenga wakale ukabwerezedwa kompyuta inkaukana.

Achimwene anga a Useni anavomera kumayenda nako kokapha usipa. Ankandiseka kuti ndawamangirira belu ngati ng'ombe yosokera. Nambala anasankha okha ine nditayang'ana kumbali, ndipo ngakhale akazi awo a Madina sanawauze.

Kenaka mwera unawomba, boti lawo silinabwerere. Anthu anafufuza mpaka ku Dwangwa, anangotola nkhafi ndi chigubu. Patapita masiku a Shehe anabwera kudzanena mofatsa kuti mawa lake tipempherere maliro opanda mtembo, alamu ayambe kukhala m'nyumba monga namfedwa.

Madzulo amenewo, titatha swala, pemphero lomaliza la tsikulo, tinakhala m'nyumba ya achimwene: amayi, alamu ndi ine. Kompyuta sindinaizimepo chichokereni iwo. Mabatire a galimoto oiyendetsa ndinkawasenza mosinthanitsa kukatchajitsa ku boma, anthu n'kumandiyang'ana ngati wopenga. Ndinalibe china chogwira.

Kompyuta inalira kamodzi.

Pagalasi panatuluka mawu amene ndinawakonza ndekha: USENI, NDIKUBWERA. Pansi pake panali kamzere kamodzi, kusonyeza kuti kabokosi kali kutali.

"Mlamu, ndi iwo?" a Madina anafunsa.

Ndinalamula kompyuta kuti ifunsenso nambala. Yankho linabwera msanga. Linali lolondola, ndipo silinali lakale. Ndinalira, osabisa. Ndinkafuna kuti akhale iwo kuposa chilichonse chimene ndinafunapo.

Timizere tinakhala tiwiri. Kenaka titatu. Boti lopalasa silithamanga choncho. Posachedwa timizereto tinafika pamene tinkafika achimwene akamakoka boti padooko, koma sitinaime. Chinthucho chinali chitatuluka m'madzi, chikubwera ndi njira ya m'minda ya mpunga. Achule anasiya kulira. M'nyumba munalowa fungo la parafini wa nyali zophera usipa.

Timizere tinadzaza.

Pachitseko panamveka kugogoda. Osati pamwamba pogogoda munthu woimirira, koma mmunsi, chapamawondo.

Amayi anagwira chitenje cha alamu. "Useni sanagogodepo pakhomo pake. Munthu amati odi."

"Mwina atopa, amayi. Mwina akukwawa."

"Achimwene, ngati ndinu lankhulani," ndinatero ine.

Zii. Kenaka kugogoda kuja.

A Madina anapulumuka, chitenje n'kutsala m'manja mwa amayi, natsegula. Panalibe munthu. Ndinawunika ndi tochi pabwalo ponse. Mchenga unali wouma, mizere ya tsache ili momwemo, popanda phazi. Tinaitana mpaka oyandikana nawo anadzuka. Nditabwerera pa kompyuta, timizere tinali todzazabe, monga tinkachitira kabokosi kakakhala patebulo pomwepo. Tinasanthula pansi pa bedi, m'madengu, kudenga. Amayi anakhala pakona akuwerenga dua, osafuna kuyang'ana pampando wa achimwene. Zinakhala choncho mpaka batire inatha.

M'mawa a Shehe atafika, alamu anandifunsa pamaso pa anthu onse.

"Mlamu, makina anuwa munthu wina angawanamize?"

Amayi anandiyang'ana mondipempha kuti ndinene kuti inde, maliro achitike, mtima ukhale pansi. Koma ndinali nditayesa njira zonse zowanamizira, zonse n'kukanika. Ndinayankha zimene ndinkadziwa.

"Sangawanamize."

"Ndiye a Shehe, amuna anga sindiwalira."

Anthu amanong'ona mpaka pano. Ena amati ziwanda za m'nyanja zimatenga zonse za munthu womira, ngakhale za mumtima mwake. Ena amati achimwene anabweradi, ndipo analowa chitseko chitatsegulidwa. Ku yunivesite anati ntchito yanga inali yolimba, ndipo ndinakhoza bwino.

Amayi anamwalira osapempherera mwana wawo. A Madina akukhalabe m'nyumba muja, si mkazi wa munthu, si namfedwa. Ndikapita kumudzi amandilandira chikwama, n'kuchikweza pang'ono kuti amve kulemera kwake.

"Mlamu, kompyuta ija simunabwere nayo?"