Mpando wa Pearson

Zaka khumi ndi zinayi Pearson anali mesenjala pa ofesi ina mu Lilongwe, kuyenda wapansi kuchokera ku Kawale, nsapato zili yasa. Mu 2004 Clifford, mnyamata wobwera dzulodzulo, anakwezedwa pantchito, Pearson n'kumamuperekera tiyi. Mtima unamuwawa, abale inu!

Loweruka masana anapita kwa sing'anga wina ku Mgona.

"Ndatopa, bambo. Ndikungofuna kalata yoti ndakwezedwa."

"Zosavuta," anatero sing'angayo, akumupatsa kachithumwa. "Mukasokerere kunsi kwa mpando wanu wa kuntchito. Koma mpandowo umadya. Wamagazi anu akakhalapo, inu mukwezedwa."

"Nanga iyeyo?"

"Mwabwerera za iyeyo kapena zanu?"

Pearson analandira chithumwacho.

Woyamba anali mng'ono wake Godwin, amene anadzapempha ntchito. "Khala apa, mphwanga." Sabata isanathe Godwin anatupa miyendo n'kumwalira. Pochokera kumaliro ku Ntcheu, Pearson anapeza kalata: kalaliki wamkulu. Anasamutsira chithumwa pa mpando watsopano. Chaka chotsatira anakhalapo atsibweni ake n'kumwalira, ndipo kunabwera umanejala, galimoto ndi mpando wozungulira.

Apo analumbira kuti basi, zakwana. Koma chithumwacho sanachitaye, anachisamutsira pa mpando wozungulirawo, ankaopa kubwerera ku tiyi. Ankangokiya ofesi akamatuluka.

Tsiku lina anaiwala. Mkazi wake Ennie, wosadziwa kanthu, anafika ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Keziah, amene anali atangosankhidwa kupita ku sekondale. Anatenganso wojambula zithunzi. Pochokera ku msonkhano, Pearson anapeza mwanayo akuzungulira pa mpando, foni ili kukhutu.

"Adadi, taonani, ndine bwana!"

"Dzukapo! Keziah, dzukapo!"

Anathamangira ku Mgona, nagwada m'fumbi ndi suti yomwe.

"Nditsitseni, bambo! Tengani galimoto, ndibwerere pa umesenjala, mwana yekhayu musiyeni!"

"Mpando sulavula," anatero sing'anga.

Lachinayi kalata inafika: mwakwezedwa. Lachisanu anaika Keziah m'manda.

Lero Pearson amayendayenda mumsika wa Kawale, tayi ali m'khosi, chithunzi cha Keziah ali pa mpando uja chili m'manja. Akaona mwana akufuna kukhala pa benchi amakuwa, "Dzukapo!"

Dyera la udindo ndi loipa, anthuni. Kukwezedwa kwabwino n'kochokera m'thukuta lako. Kwa zitsamba kumalipidwa ndi abale ako, ndipo womaliza sumusankha ndiwe.