Twila ndi Chitini cha Ufa

Twila ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuvina ndi adadi ake.

Adadi ake ankagwira ntchito kutali, ku zitsime za mafuta. Ankabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Koma Loweruka limeneli anabwera! Linali tsiku la chikondwerero cha nyimbo za Western Swing. Chikondwererochi chinkachitika kamodzi pachaka, m'katauni kawo ka ku Texas, ku America.

"Galimoto ya kuntchito inditenga folo koloko," anatero adadi.

"Ndiye tiyeni msangatu, adadi!" anatero Twila.

Twila anavala chipewa chake. Anavalanso jombo zake zofiira. Anawakoka dzanja adadi mpaka kumsewu.

Abale, anthu ake! Kuno zipewa, uko zipewa. Kuno mahatchi, uko magalimoto. Fungo la nyama yowotcha linali ponseponse.

"Tidye kaye?" anafunsa adadi.

"Ayi! Tivine kaye!"

Analowa mu holo yakale ya matabwa. Oimba anali kutsogolo. Mavayolini awiri ankalira. Gitala ankalira. Ng'oma inkagunda. Anthu ankavina awiriawiri, akuzungulira holo yonse.

Twila anawakokera adadi pakati pa ovina. Adadi anamugwira manja.

"Ukukumbuka kaponyedwe ka mapazi? Msanga, msanga, pang'ono, pang'ono."

Twila anaponya phazi. Kwii! Jombo inakanirira. Anaponya phazi lina. Kwii! Nayonso inakanirira.

Jombo za anthu ena zinali zachikopa kunsi. Zinkatsetsereka bwinobwino. Koma jombo za Twila zinali za mphira kunsi. Zinkangomata pamatabwa.

"Usadandaule," anatero adadi. "Ndikagule madzi, tiyesenso."

Twila anakhala pabenchi. Anakwinya nkhope. Kenaka anaona Mayi Odessa, osamalira holoyo. Mayi Odessa anali ndi chitini cha ufa wa chimanga. Anatapa ufa pang'ono. Anauwaza pamatabwa, waa! Ovina anatsetsereka mokoma. Mayi Odessa anaika chitini pabenchi, n'kuchoka.

Twila anayang'ana chitini. Anayang'ana jombo zake.

"Ufa wochepa ukuthandiza," anaganiza. "Nanga wambiri?"

Ha, mwana ameneyu! Ananyamula chitini chonse. Anachikhuthula pansi. Matabwa anangoti mbuu!

Oyamba kufika anali Bambo Hollis, ometa tsitsi. Anali munthu wamkulu thupi. Ankavina monyadira, chifuwa patsogolo. Anaponda ufa uja. Phazi lina linapita uku. Phazi lina linapita uko.

"Mayo ine!"

Khu! Anakhala pansi. Chipewa chawo chinagubuduka mpaka kwa oimba. Akazi awo anaterereka. Enanso awiri anaterereka.

Mavayolini anasiya kulira.

"Hollis, gule ameneyu ndi watsopano?" anakuwa woimba gitala.

"Bwera udzamuyese, m'bale wanga!" anayankha Bambo Hollis, akusisita chiuno.

Anthu anaseka. Koma Mayi Odessa sanaseke.

"Palibe kuvina mpaka ufa wonsewu uchoke," anatero. "Wathira ndani?"

Twila anayang'ana wotchi ya pakhoma. Nthawi inali itapita ndithu. Anachita mantha. Anachitanso manyazi. Koma anaimirira.

"Ndine, mayi. Pepani. Pepaninso, Bambo Hollis. Jombo zanga zimakanirira. Ndimangofuna kuvina ndi adadi asanapite."

Misozi inatsika m'masaya mwake.

Mayi Odessa anapukusa mutu. "Mwanawe, zikachuluka sizidyeka. Ufa timawaza ngati mchere."

Adadi anafika ndi madzi aja. Anaona ufa. Anaona Twila. Sanakalipe ayi.

"Mayi Odessa, muli ndi matsache awiri?"

"Ndili ndi atatu."

"Lachitatulo ndipatseni ine," anatero Bambo Hollis. "Ufa wambiri uli pa thalauzi langa lomweli."

Anayamba kusesa. Twila anasesa. Adadi anasesa. Bambo Hollis anasesa. Anasesa, anasesa, anasesa. Mikono ya Twila inawawa. Koma sanapume.

"Basi, pakhala bwino," anatero Mayi Odessa.

Pansi panatsala kaufa pang'ono chabe, kokwanira. Wotchi inati kwatsala mphindi zisanu.

Mayi woimba vayolini anakweza dzanja. "Nyimbo iyi ndi ya wosesa wamng'onoyu ndi bambo ake!"

Mavayolini analira. Gitala analira. Ng'oma inagunda. Adadi anavula chipewa, n'kuwerama.

"Dona, tingavine?"

"Eya, bwana!"

Twila anaponya phazi. Linatsetsereka! Anaponya lina. Nalonso linatsetsereka!

"Adadi, taonani! Zikuyenda! Zikuyenda!"

Msanga, msanga, pang'ono, pang'ono. Anazungulira holo kamodzi. Msanga, msanga, pang'ono, pang'ono. Anazungulira kawiri. Adadi anakweza dzanja. Twila anazungulira ngati nguli. Anaseka mpaka kupuma movutikira. Chimwemwe chake chinali chosaneneka.

Nyimbo inatha. Anthu anaomba m'manja.

Pii! Pii! Galimoto ya kuntchito inalira panja.

Twila anasiya kuseka. Anawagwira adadi dzanja mwamphamvu.

"Pitani, adadi. Mungachedwe."

Adadi anayang'ana kukhomo. Anayang'ana Twila. Kenaka anapita pawindo.

"Iwe Rusty!" anakuwa kwa dalaivala. "Zimitsa galimotoyo! Mafuta sathawa pansipo!"

"Ukutichedwetsatu iwe!"

"Lowa udye nyama! Ine ndili ndi dona wondidikira!"

Rusty anaseka, n'kuzimitsa galimoto. Adadi anabwerera. Anatambasula manja onse awiri.

"Nyimbo ina imodzi, mwana wanga?"

"Ziwiri, adadi!"

Ndipo anavina zitatu.