Nsapato za Kaputeni

Bryony atangomva mawu akuti "nsapato za kaputeni", thupi lake lonse linazizira.

Linali Loweruka masana ku Leeds. Holo inali itadzaza ndi anthu odzaonerera kujambula kwa sewero loseketsa la pa wailesi, lomwe ankalemba bambo ake, a Hollis. Seweroli linali la kampani ina yomwe ntchito yake n'kubisa manyazi a akatswiri a masewera kuti atolankhani asawatulukire. Pambali pa Bryony panakhala Tamsin, kaputeni wa timu yawo ya mpira ya atsikana kusukulu, akukukuta tchipisi.

"Bwana, zavuta!" anatero wosewera wina pa maikolofoni. "Goloboyi wathu wasanzira m'nsapato za kaputeni chifukwa cha mantha!"

"Usatekeseke iwe," anayankha wosewera ngati bwanayo. "Atolankhani tiwauza kuti ndi mphaka."

Pomwepo munthu wopanga maphokoso a m'sewero anakhuthulira nyemba zam'chitini m'ndowa, khwaaa! Anthu anafa nalo phwete.

Nkhaniyi sinali yopeka ayi. Mwezi wapitawo, tsiku la fainolo, Bryony yemwe ankakhala pagolo anatsala yekha m'chipinda chosinthira. Mantha anamukwera mpaka anasanzira m'nsapato zatsopano za Tamsin. Anangoti zii, anzake n'kunamizira mphaka wa pasukulu. Chinsinsicho anauza bambo ake okha, ali m'galimoto, misozi ili mbwembwembwe. Iwo analumbira kuti sadzauza munthu.

"Pepani anthuni," anatero mkulu wojambula, "nyembazo sizinamveke bwino. Tibwereze, ndipo musekenso ngati n'koyamba!"

Koma abale, zonyansa! Anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, kumaseka chifukwa awauza kuti aseke. Wopanga maphokoso uja anathira madzi m'nyembamo kuti zimveke ngati masanzi enieni.

Tamsin anali atasiya kutafuna.

"Aise, mphaka?" anafunsa monong'ona. "Unali iwe eti?"

"Ndinali ine. Pepa, mzanga."

"Ndinasewera fainolo ndi nsapato zobwereka, zothina, mpaka matuza! Masanziwo ndiye ndikanakhululuka. Koma iwe unkandithandiza kutukwana mphaka, osachita n'komwe manyazi. Wandinyansa."

Anatola jekete lake n'kutuluka.

Nthawi yopuma itakwana, a Hollis anabwera akumwetulira, mano onse pamtunda.

"Wamva mmene asekera, mwana wanga? Gawo limeneli ndiye laphula!"

"Munalumbira, adadi."

"Aaa, iwenso! Dzina lako ndatchula ngati? Ndachita kusintha kuti akhale mwamuna. Adziwa ndani?"

Bryony analoza mpando wa Tamsin, pomwe panangotsala pepala la tchipisi.

"Ine ndinkalira, inu n'kumamva zoseketsa. Ndinu osiyana bwanji ndi anthu abodza a m'sewero lanuwo? Bola iwo amabisa manyazi a anthu awo."

Nkhope ya a Hollis inagwa. Anapita kwa mkulu wojambula uja, ndipo anakangana kwa nthawi ndithu, manja ali m'mwamba. Pobwerako anali thukuta kamukamu.

"Ndachotsa gawo lonselo. Silimveka pa wailesi."

"Nanga m'makutu mwa Tamsin muchotsamo bwanji?"

Kujambulako kutatha, anabwerera kunyumba.

Lolemba Bryony anaweruka kusukulu maso ali otupa. Bambo ake anamuchingamira pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Zayenda bwanji ndi anzako aja? Khala pansi undiuze, mwana wanga."

"Palibe, adadi."

Anakwera kuchipinda kwake n'kutseka chitseko. Patapita kanthawi a Hollis anamumva akulira pa foni, akufotokozera azakhali ake a ku Bradford zonse zimene zinachitika. Atayandikira kuti agogode, mawuwo anatsika mpaka sanamvenso kanthu.